Nguluwe, Galimoto ndi Matope a Kwawo

Padangotero, Nguluwe adagula galimoto yapamwamba, ya mtundu umene adangopanga zowerengeka. Inali yokoka ndi matayala onse anayi, ya mipando yachikopa, yotha kukwera phiri ndi kuwoloka mtsinje. Koma iye ankangokhalira kuipukuta, osalola kuti iponde matope.

Mvula ili pakati, adamva kuti amayi ake, amene maso awo adasiya kuona, adwala kutsidya kwa dambo.

"Ndizungulira kumsewu wa tala," adatero Nguluwe. "Ndikafika mawa."

Mnzake Kakowa adapukusa mutu. "Achimwene, ine woyera chonchi ndimaponda matope tsiku ndi tsiku. Tiyeni tione amene akawapeze msanga amayi."

Kakowa adalowa m'dambo wapansi. Nguluwe adagwidwa ndi manyazi, nakhotetsa chiwongolero kumutsatira. Galimoto idawoloka osatitimira, koma matope adalowera pawindo mpaka kumuthimbiriza mwini wake. Awiriwo adafika limodzi.

Amayi aja adamununkhiza Nguluwe kumaso, namwetulira.

"Ulendo watha unkanunkhira sopo, ndidayesa ndi mlendo," adatero. "Lero ndiye wabwera mwana wanga."

Sabata yonseyo Nguluwe sadatsuke galimoto.