Rauta ya Kuchipinda kwa Apongozi

Mkamwini anali pamwamba pa makwerero, chingwe paphewa, akuimba likhweru ngati wakwezedwa pantchito.

Chibwerereni apongozi ake kudzaona mdzukulu, pabalaza panasanduka pawo. Waifai ya m'nyumbamo inkathera pakhomo la bafa, kuchipinda cha alendo kunali zii. Ndiye kuyambira m'mawa mpaka madzulo mayiwo ankakhala pasofa wa mkamwini, foni m'manja, nyimbo za kwaya zili pokopoko. Mkamwini mpira wa pa TV anauiwala. Kuvula malaya kukatentha, ayi. Kutambasula miyendo, ayi. Mwini nyumba ankangokhala pakampando kapakona, manja pamaondo, ngati wabwera kudzafunsira mbeta. Zinkamuwawa, koma apongozi sauzidwa kuti tasunthani.

Nzeru anaitola kuntchito: kugula rauta yachiwiri, kabokosi kofalitsa waifai, kuilumikiza ndi chingwe ku yoyamba ya pabalaza, n'kuiika kuchipinda kwa apongozi. Netiweki ikawapeza pabedi, pabalaza adzafunaponso chiyani?

"Bambo a mwana, tamverani kaye," anatero mkazi wake. "Amayi akuti..."

"Tikambirana, tikambirana! Tandigwirira makwererowa."

Anakhomerera chingwe m'mbali mwa denga, kudutsa pabafa, mpaka kuchipinda cha alendo. Chikwama chachikulu cha apongozi chinali chitatsamira khoma, zipi yotseka, nsapato zokulunga m'pepala zili pamwamba. Anachikankhira pambali kuti apeze soketi. Rauta yatsopanoyo anaipatsa dzina ndi pasiwedi zofanana ndi yakale, kuti foni izingolowa yokha, mayi asavutike. Timagetsi tobiriwira tinaphethira, kenako tinayaka tonse. Mkamwini anadziwombera yekha m'manja.

"Amayi, tabwerani mudzaone kamphatso kanu."

Apongozi anakhala pabedi n'kuyang'ana foni. Timizere ta netiweki tinali todzaza. Kwaya inayamba, osadukiza ngakhale pang'ono.

"Aaa, koma mwana wanga anakwatiwa ndi munthu!" anatero mayiwo, n'kuimba nthungululu.

Mkamwini anatuluka mwaulemu, n'kutseka chitseko mwaulemu. Atangotembenuka, anavina njira yonse mpaka pabalaza, chiuno chokhachokha, mwana ali pamphasa akumuseka. Anadziponya pasofa, kumasula mabatani onse, rimoti pamimba. Kunena zoona, sofa anali asanakomepo chonchi.

Mkazi wake anaima pakhomo, manja m'chiuno, akumuyang'ana momumvera chisoni.

"A Injiniya, mwamaliza? Paja ndimati ndikuuzeni..."

Kuchipinda kunamveka zipi ikutsekulidwa, kenako mawu a apongozi, osangalala kwabasi.

"Mwana wanga, tikiti ya basi ya mawa ija ukabweze! Chimandithamangitsa kunotu n'kugona wopanda kwaya usiku. Zamasana ndinalibe nazo vuto, pasofa paja ndinapazolowera."