Telala amene anaveka mlamu wake kalamba ka kuchipatala

Panali munthu wina, telala, amene ankadwala mtima. Amene ananditumizira nkhaniyi akuti inachitikadi.

Kuchipatala anamupempha kuti alowe nawo m'kafukufuku. Ankayesa kalamba kovala pamkono, kamene kamawerenga kugunda kwa mtima n'kumatumiza kokha ku kompyuta ya madokotala. Nesi anamufotokozera zonse, n'kumaliza kuti, "Bambo, mukatopa nako mudzatibwezere, sitikwiya. Koma musaveke munthu wina."

Telala anavomera chifukwa mkazi wake anali pomwepo akumuyang'ana.

Sabata isanathe, nesi anaimba foni. "Bambo, masana aliwonse mtima wanu ukumathamanga kwa kanthawi. Mumakhala mukutani?"

Telala anadziwa chifukwa chake. Masana ndi pamene ankazembera kuseri kwa shopu kukasuta fodya, chonsecho kunyumba analumbira kuti anasiya. Anayamba kukayang'ana cham'mbali kalamba kaja. Ngati kadziwa za fodya, ndiye kuti kakumvanso zimene amakamba? Nanga nesiyu ndi mkazi wake, tsiku lija ankasekerana chiyani? Akamacheza ndi makasitomala, mkono ankaubisa pansi pa nsalu.

Kubweza anaopa, poti kunyumba akanapanikizidwa ndi mafunso. Ndiye anaitana mlamu wake, amene ankaperekera anthu katundu pa njinga.

"Alamu, muzivala aka m'mawa, madzulo muzindibwezera ndisanapite kunyumba."

"Iii alamu, unyolo wa achemwali anga wakulemerani, ndiye mwati mumange ine?"

"Valani basi. Buluku lanu long'ambika lija ndikusokerani."

Zinayenda choncho mpaka tsiku lokaonana ndi dokotala. Dokotala anayang'ana pa kompyuta, kenako n'kuyang'ana telala, amene anali wefuwefu atangokwera masitepe.

"Masana mtima wanu ukugwira ntchito ngati wa mnyamata. Kalambaka mukuvala nokha?"

"Nanga ndingavale ndi ndani, adokotala?"

Dokotala anayang'ananso pa kompyuta. "Chabwino. Ndiye tichepetsako mankhwala."

Telala anatuluka akumwetulira, mumtima ati wawachenjerera. Miyendo itayamba kutupa, anangoti ndi kukhalitsa pampando.

Tsiku lina akusoka diresi la mkwatibwi, anagwera pa makina. Kasitomala ndi amene anathamangira naye kuchipatala. Mkazi wake atafika anapeza nesi uja atagwira pakamwa, maso ali pa kompyuta.

"Mayi, sindikumvetsa. Bambo agona apa, koma apa zikuonetsa munthu wamphamvu amene akukwera chitunda panopa."

Mayi uja anapinda mkono wa shati ya mwamuna wake. Panalibe kanthu.

Posakhalitsa mlamu analowa thukuta lili kamukamu, atamva kushopu zimene zachitika. Anavula kalamba n'kukaika pabedi mwakachetechete.

"Achemwali, ine ndimayesa ndi wotchi chabe."

Telala anapulumuka, koma anachita sitiroko, ndipo dzanja lake lamanja silinagwirenso sizasi. Diresi lija anakamalizitsa kwa telala wina. Ofufuza nawo anataya zonse zimene anasonkhanitsa kwa iye, n'kuyambanso kuitana odwala ena mmodzimmodzi kuti awafunse amene akuvala kalamba kawo.

Phunziro: Ngati chipangizo cha kuchipatala chikukukayikitsani, funsani kuti chimaona chiyani, kapena kachibwezeni poyera, palibe angakumangeni. Koma musachiveke wina, chifukwa mankhwala amene adzakupatseni adzakhala a thupi la mnzanuyo. Nkhaniyi tumizirani abale anu amene ali m'kafukufuku, mwina wina wavula kale kalamba kake.