Gemu ya Malemu Bambo pa Foni Yakale ya Mayi

Panali munthu wina wokonza mafoni amene anadziphunzitsa yekha kupanga gemu. Inali ya njinga yonyamula matumba. Ukafika osagwetsa thumba, mawu ake ankamveka m'fonimo: "Wakhoza, mwanawe!"

Gemu amaimanga ndi pulogalamu yotchedwa injini. Bamboyo ankachenjeza mwana wake wamwamuna kuti, "Injini iyi musasinthe. Yatsopanoyo imakana mafoni akale, pomwe anthu athu ali ndi akale."

Bamboyo atamwalira, mayi a mwanayo ankasewera gemuyo m'mawa uliwonse asanagwire tsache, kuti angomva mawuwo.

Kenako kunabwera malume a mwanayo, a digiri, amene nthawi ya matenda sanaonekeko. Anakhala pa kompyuta ya malemu ngati yawo.

"A malume, bambo anati injini isasinthidwe."

"Iwe wa Fomu 2 undiphunzitse ine? Mlamu wangayo ankaopa chitukuko. Kandigulire mayunitsi."

Malume anasintha injini, gemu yatsopano nkulowa m'malo mwa yakale pa intaneti. Anatenga foni ya mayi, nkufufuta yakaleyo kuti aikemo yawo. Foni inakana. Anayesanso, inakana. Yakale ija inali itapita.

"Achemwali, foni yanu ndi nkhalamba. Mugule ina," anatero malume akupukuta magalasi.

Mayi anangotenga foni yawo. Foniyo anawagulira ndi amuna awo.

Mawa lake mwanayo anawaona atakhala pa mpando, akudina pamene panali gemu. Anapita pa benchi ya bambo, nakhuthula dirowa. Pansi pa mabatire akufa anapeza fulashi ya kompyuta yosunga mafayilo a gemu yakale ija, yomangidwa ndi labala, ndi kope la mafuta okhaokha. Bambo analembamo nambala ya injini yakale ndi njira yonse, sitepe ndi sitepe.

Chizungu cha m'kompyuta chinamuvuta. Ankawerenga ndi chala, kulakwitsa, kuyambiranso. Kumanganso gemuyo ndi injini yakale kunamutengera masabata atatu.

Tsiku lomwe anapereka foni kwa mayi, malume analipo, akumwa tiyi. Mayi anapalasa njinga ija ndi chala mpaka kufika.

"Wakhoza, mwanawe!"

Mayi anaseka misozi ili mbwe, nkuloza mwana wawo. "Wamva? Akunena iwe."

Malume anasiya tiyi wosatha. Palibe anawaperekeza.

Phunziro: Chatsopano chimene chisiya amayi ako panja si chitukuko. Musanafufute ntchito ya munthu, funsani chifukwa chake anaisiya choncho. Tumizani nkhaniyi kwa ena, makamaka achibale a digiri amene amatulukira maliro akatha.