Dziwe la Padenga

Injiniya anapukuta mpando wa alendo, fumbi la simenti n'kubwereranso pomwepo. Apongozi ake anangokhalapo osayang'ana n'komwe, chipewa chachitetezo chili pamaondo. Ofesiyo inali ya malata, yotentha ngati uvuni. Pazenera pankaoneka hotelo ya mkuluyo, itafika nsanja yachinayi, zitsulo zitatulukira pamwamba kudikira konkire.

Zitsulo zimenezo n'zomwe zinkamuondetsa injiniya. Mapulani oyamba anali a nsanja zinayi, maziko anakumbidwanso a nsanja zinayi. Ntchito ili mkati, panabwera lamulo loti awonjezere yachisanu, ndipo padenga pake pakhale dziwe losambiramo. Tsopano nsanamira ziwiri za pansi zinali zitayamba ming'alu. Malole a konkire ankabwera mawa lake, ndipo pansi pa denga limenelo pankagwira ntchito anthu oti kwawo akudikiridwa ndi ana. Injiniya ankachita mantha, ndipo sankadzinamiza.

Kukana n'kosavuta ukamaonera patali. Mkuluyu ndi amene anamutola ali lova n'kumulemba ntchito, kenako anamulola kukwatira mwana wake wamkazi. Munthu wotere sumuuza kuti "ayi", umangoti "tiona". Komanso awiriwa sankakambirana za ntchito maso ndi maso. Ulemu unkawachulukira. Akakumana ankafunsana za m'thupi, za mvula, za adzukulu, mpaka tiyi kuzizira. Nkhani zonse za ntchito zinkadzera kwa mkazi wa injiniya, yemwe anali woyang'anira ntchito yonseyo. Iye ndiye ankabwera ndi mawu akuti "ababa akufuna", n'kubwerera ndi yankho la mwamuna wake, lomwe silinkasintha: "chabwino".

Tsikuli mayiyo anali panja, akukalipira anthu otsitsa njerwa. Injiniya anaona kuti mpata ndi womwewu. Koma poti kulankhula mwachindunji kunkamuvuta, anaganiza zodzera kutali.

"Bambo, ndinawerenga nkhani ina ya chombo," anayamba motero, maso ali pa mapulani.

"Chombo?" anafunsa apongoziwo.

"Eya, cha kalekale. Mfumu ya dziko lina inalamula kuti ayipangire chombo cha nkhondo. Amisiri atafika nacho pakati, mfumu inati awonjezere mzere wina wa mizinga pamwamba, adani azinjenjemera akachiona. Amisiriwo ankadziwa kuti kumunsi n'kochepa, sikungasenze zonsezo. Koma anangoti chabwino."

Apongoziwo anayamba kuzunguliza chipewa chija pamaondo.

Injiniya anapitiriza. Anafotokoza kuti chombocho chitatha, anachiyesa pouza gulu la amuna kuti lizithamanga pamwamba pake, uku ndi uku. Chinapendekeka moti woyang'anira anawaletsa msanga, kuopa kuti chingagubuduzike pomwepo. Aliyense anaona, koma kwa mfumu sikunapite munthu. Tsiku lonyamuka, anthu anadzaza padoko, ena atakweza ana pamapewa. Chombo chinangoyenda pang'ono, kamphepo n'kuwomba. Chinapendekeka, madzi analowera m'mabowo a mizinga aja, ndipo chinamira ndi anthu momwemo, oonerera asanatsitse n'komwe manja omwe ankabayibitsa.

"Nanga mfumuyo?" anafunsa mkuluyo chapansipansi.

"Inalamula kuti afufuze wolakwa. Sanapezeke, chifukwa aliyense anangochita zomwe anauzidwa."

Mkuluyo anatulutsa kansalu n'kupukuta thukuta pachipumi, kenako pakhosi. Injiniya anadziwa kuti muvi walasa. Anayamba kuganiza za komwe angakafunsire ntchito ina, ndi mmene akafotokozere ana kuti kwa agogo sakapitakonso. Mtima unkamupweteka, koma anasankha kudedwa ndi munthu mmodzi kusiyana n'kukafukula anthu m'zigumukire.

"Bambo, nsanja yachisanu ija maziko sangaisenze," anatero, mawu akuuma. "Ndi dziwe lomwe. Tikathira konkire, nyumbayi igwa."

Apongoziwo anaimirira pang'onopang'ono. Injiniya nayenso anaimirira, poti munthu suchotsedwa ntchito uli chikhalire. Mkuluyo anayandikira, anamugwira dzanja ndi manja onse awiri, misozi ili lengelenge.

"Akamwini, mwachita chamuna kudzionera nokha," anatero. "Ine ndinkasowa poyambira kuti ndikuuzeni bwanji. Nsanja imeneyo ndinaikana kalekale, koma mwana wanga anati inuyo mwaumirira, ndipo ndikakana musiya ntchito."

Awiriwo anayang'anana, kenako onse anacheukira pazenera. Panja, mayi uja anali pafoni, mawu ake akumveka mpaka mkati.

"Ayi, za mawa zisiyeni, malolewo abwere lero lomwe. Ababa ndi amuna anga ali limodzi muofesimu, agwirizana kale."