Madzi Otentha pa Mwendo wa Obiageli

Nkhaniyi ndinayamba kuimva ku Lagos, zaka zija ndinkayenda ndi mipukutu ya nsalu kuchokera ku Cotonou, mawondo asanayambe kundiukira. Anandiuza ndi telala wa pamsika wa Balogun, ndipo analumbira kuti ndi yoona.

Panali mayi wina wogulitsa nsalu za ukwati, dzina lake Obiageli. Atabereka ana anayi, mimba inakana kubwerera, ndipo anzake a pamsika sankamupatsa mpata. "Oby, wachisanuyu abadwa liti? Chaka chachitatu chino tikudikira." Iye ankaseka nawo, koma mumtima zikumudya. Tsiku lina anapita mwakachetechete kuchipatala china kukachita opaleshoni yochepetsa mimba.

Pomutulutsa, namwino anamukhazika pansi.

"Madamu, ndimvereni. Bala si limene timaliopa. Timaopa magazi oundana m'mitsempha ya miyendo. Ola lililonse muzidzuka n'kuyenda, ngakhale zikupweteka. Masokosi othinawa musavule. Jekeseni iyi muzidzibaya tsiku ndi tsiku. Mwendo umodzi ukatupa n'kutentha, asautikite munthu. Bwerani kuno msanga."

"Ndamva, nesi. Ana anayi ndabereka ine, sindine mwana."

Amayi ake, a Ezinne, anali a mpingo, ndipo ankati wodzicheka thupi chifukwa cha kukongola amanyoza amene anamuumba. Choncho Obiageli anawanamiza pafoni kuti wachotsedwa kachotupa. M'mawa mwake amayiwo anatsika basi kuchokera kwawo ku Nnewi ndi nsomba zouma, tsabola ndi mafuta otikitira thupi otchedwa ori, monga ankachitira Obiageli akabereka. Kwawoko ndi mwambo, amati omugwo: mayi amabwera kudzathowa mwana wake ndi madzi otentha, kumuphikira msuzi, osamulola kugwira kanthu.

"Ukupita kuti?"

"Ndingoyendako pang'ono, Mama."

"Munthu wong'ambidwa amayenda? Ukufuna matumbo tikawatole pakhonde? Gona. Nanga masokosi awa wavalira mpira? Magazi adutsa bwanji? Vula."

Anavula. Majekeseni aja anali atawabisa pansi pa nsalu m'kabati, ndipo amayi ake sankachoka m'chipindamo. Akanawaona akanafunsa, akanafuna pepala la kuchipatala, ndipo kuwerenga ankadziwa. Masiku asanu anatha Obiageli ali chigonere, osadzibaya.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi masana, katumba wa kumanzere anatupa. Unkati ukagwira, kutentha ngati mbale ya msuzi. Obiageli anafunda nsalu, koma amayi ake anaona.

"Ndi kuzizira kwa makina anu a mphepowa. Dikira nditereke madzi."

Obiageli anagwira foni. Nambala ya namwino inalimo. Koma namwinoyo akanamuuza kuti apite kuchipatala, amayi akanamuperekeza, ndipo pachipata pa chipatalacho panali chikwangwani chachikulu cha akazi a m'chiuno mowonda. Anaika foni pansi.

"Mama, musautikite. Uphwa wokha."

"Anakuuza ndani?"

"Anesi."

"Nesiyo wathowa anthu angati? Iwe ndinakuthowa kanayi, unafa? Bweretsa mwendo."

Anapereka mwendo. Amayi anaika thaulo lotentha, napaka mafuta, n'kuyamba kukanda ndi zala zazikulu kuchokera pakakolo kukwera m'mwamba, akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Obiageli analuma pilo.

"Waona? Wafewa. Taima tione."

Anaima, nayenda mapazi atatu. Kenako anagwira pachifuwa. Mpweya unkalowa theka. Anakhosomola, pathaulo panagwa magazi.

"Mama, si chotupa. Ndinakachepetsa mimba. Anati asautikite. Majekeseni ali m'kabati."

 A Ezinne anathamangira opanda nsapato kwa mnansi amene anali ndi galimoto. Koma inali nthawi yoweruka, ndipo pamlatho magalimoto anali atamangana. Mnansiyo ankaliza hutala, amayi atatulutsa mutu pawindo kupempha njira, wogulitsa madzi akuwaonetsa botolo. Obiageli anatsamira pamapewa awo, milomo itayamba kuda. Pofika kuchipatala anali atasiya kupuma.

Dokotala anawafotokozera kuti magazi anaundana m'mwendo chifukwa chogona, kenako anathothoka n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Anafunsa ngati wina anautikita mwendowo. A Ezinne anangotambasula manja, mafuta akunyezimirabe.

Pamaliro sanalire mokweza. Akuti ankangouza aliyense wobwera kudzawagwira dzanja mawu amodzimodzi: "Akanandiuza, ndikanamutukwana sabata imodzi. Kenako ndikanamuyendetsa ndekha."

Phunziro: Amene akukusamalira ukachoka kuchipatala adziwe zoona, ngakhale zikhale zochititsa manyazi, chifukwa manja achikondi osadziwa kanthu amapha. Ukachitidwa opaleshoni iliyonse, tsatira zimene akuuza: yenda, vala masokosi aja, usadumphe mankhwala. Mwendo umodzi ukatupa n'kutentha, usauthowe, usautikite. Mpweya ukayamba kuchepa, thamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Nkhaniyi tumizirani azichemwali anu, ndipo musaiwale amayi awo. Ine ndanyamuka ndi mawondo angawa, anzanga ndakhala nawo pasitejiwa atsale akumaliza tiyi wawo, basi ya ku Lomé siyembekezera munthu.