Chithunzi Chozondoka cha Morwenna

"Mwachipachika chozondoka," anaumirira bambo Penhallow.

"Bambo, dzina la wojambula si ili pansi apa?" anayankha Imogen, mtsikana woyang'anira nyumba yoonetseramo zithunziyo, akugwedeza makiyi. "Anachipachika ndi akatswiri a ku London. Komanso tikutseka."

"Akatswiri akowo anamwapo tiyi ndi mkazi wanga? Morwenna ankasaina paliponse pamene utoto wayamba kuuma."

Pachithunzipo panalibe munthu kapena nyumba. Panali mizere yotuwa basi, ndi chigamba cha buluu pamwamba pake. Tsiku lonse alendo ankayamikira kuti limenelo ndi thambo la tauni yawo ya St Ives. Bambo Penhallow okha ndiwo ankadziwa kuti ndi nyanja, mmene inkaonekera pazenera la khitchini yawo, Morwenna asanaikidwe m'manda, nyumbayo isanagulitsidwe.

Anayesa kupendeketsa mutu, koma khosi laukalamba linakana. Madzi a mvula ankangodontha pachikhoti chawo.

"Ndiye mukalembe dandaulo, akuluakulu adzaliona Lolemba," anatero Imogen.

"Za madandaulo ayi, mwanawe." Anasendera pafupi ndi chithunzicho. "Tangochitembenuzako pang'ono, palibe akutiona. Ndikufuna ndiimenso pazenera lathu lija."