Mpunga wa ku Likangala

Mwana anatsirizikira kumsana, boti likukocheza padoko la Kachulu. Mayi ake, Mwanahawa, sanalire, anangolimbitsa mfundo ya chitenje. Eni boti sanyamula maliro pamodzi ndi amoyo, ndipo kwawo kunali kukadali kutali, kutsidya kwa nyanja.

"Mphepo yakula, tinyamuka mawa," anatero woyendetsa.

Anzake a paulendo anati akaone sikimu ya mpunga ku Likangala. Iye anawatsatira, poopa kutsala yekha n'kumafunsidwa. Anaona ngalande, Apayoniya akuguba, mpunga wobiriwira mpaka kosafika maso. Anzakewo akaloza, iye ankangoyang'ana komweko.

Pobwerera, mayi wina wachikulire anamugwira mkono. "Koma mwana wanuyu ngofatsa! Tsiku lonse osalirako?"

"Eya, mayi," anatero Mwanahawa, n'kuyamba kumugwedeza pang'onopang'ono.